Galu Akakana Mbale: Impso, Nseru ndi Asidi wa M'mimba

 Nkhani yathu ndi ya galu wodwala impso, koma sindikamba za matenda onsewo. Ndatengapo mbali imodzi, imene imadzutsa mwini galu kuti apite kwa dokotala wa ziweto: galu wasiya kudya, akusanza, m'mimba mwake simuli mtendere. Sindinamvepo munthu akulowa pakhomo la chipatala n'kunena kuti galu wanga wadwala impso. Amene amabwera amati, "Adokotala, wangoyamba matama, nsima sakuifunanso." Ena amati, "Wadyetsedwa poizoni ameneyu." Enanso amati ndi njoka za m'mimba, ndipo amakhala atamupatsa kale mapiritsi a njoka kawiri konse. Onsewa amaloza m'mimba, pomwe gwero la vuto lili m'magazi.

Tiyeni timuyang'ane galu ameneyu bwinobwino. Mwaika mbale pakhonde. Iye adzuka, agwedeza mchira, abwera ndithu, chifukwa njala ali nayo. Afika pambale paja, anunkhiza, kenaka atembenuzira mutu kumbali. Anyambita milomo kangapo, ameza malovu mooneka kuti pakhosi pakuyenda, ndipo dovu pang'ono lichucha m'mbali mwa kamwa. Nthawi zina atola nthongo imodzi, aigwira m'kamwa, n'kuilavula pambali pa mbale. Abwerera kukagona, kapena azungulira kuseri kwa nyumba kukabudula udzu. M'mawa mupeza thovu lachikasu pamene anagona. Galu wamatama safika pambale akugwedeza mchira. Imeneyi ndi nseru, ndipo galu akhoza kukhala nayo masiku ambiri osasanza n'kamodzi komwe. Mwini wake akamadikira masanzi kuti akhulupirire kuti galu akudwala, amachedwa.

Nseruyi imachokera kuti? Impso iliyonse ya galu ili ndi tizosefa pafupifupi 400,000. Ntchito yake ndi kuchotsa m'magazi zotsalira za chakudya, makamaka za mapuloteni, kusunga madzi m'thupi, ndi kuyeza michere monga fosiforasi ndi potaziyamu kuti isachuluke kapena kuchepa. Tizosefa tikamafa, totsala timasenza ntchito ya tinzake, ndipo galu amaoneka wathanzi. Tikafa magawo awiri mwa atatu, mkodzo umayamba kusungunuka ndi kuchuluka, galu n'kumamwa madzi kosalekeza. Tikafa magawo atatu mwa anayi, zonyansa zimayamba kuunjikana m'magazi. Choncho galu amene wafika pokana mbale chifukwa cha impso wataya kale gawo lalikulu la impso zake, ngakhale kuti kwa mwini wake matenda ayamba Lolemba.

Kumunsi kwa ubongo, chakunkhongo, kuli kamalo kakang'ono kotchedwa area postrema. Ubongo wonse ndi wotchingidwa kuti zinthu zambiri za m'magazi zisaufikire, koma kamalo aka n'kosatchingidwa. Kamamva chilichonse choipa chimene chikuyenda m'magazi, ndipo kakachimva kamatumiza uthenga woti galu achite nseru ndi kusanza. Kwa galu amene wadya nyama yoola, zimenezi n'zopulumutsa moyo. Koma kwa galu wodwala impso, poizoniyo sali m'chifu kuti angasanzidwe. Akupangidwa m'thupi momwemo usana ndi usiku, ndipo kusanza sikumuchepetsa. Amayi amene munakhalapo ndi pakati mukudziwa zimene ndikunena: m'mimba mulibe chilonda, chakudya n'chomwe chija mumachikonda, koma fungo la nsomba yokazinga likangokufikani mtima umanyamuka. Chasintha ndi magazi. Ndi mmenenso alili galu wathu uja.

Tsopano nkhani ya asidi, imene ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Chifu cha galu chimapanga asidi wamphamvu, ndipo chimodzi mwa zimene zimalamula kuti asidi atuluke ndi homoni yotchedwa gastrin. Homoni imeneyi ikagwira ntchito yake, mbali ina imachotsedwa ndi impso. Impso zikafooka, gastrin amachuluka m'magazi. Kwa zaka zambiri madokotala a ziweto ankaphunzitsidwa motere: gastrin wachuluka, ndiye kuti asidi wachuluka, ndiye kuti m'chifu muli zilonda, ndiye kuti galu aliyense wodwala impso apatsidwe mankhwala ochepetsa asidi. Mfundoyi imamveka bwino, ndipo mwa anthu odwala impso zilonda ndi kukha magazi m'mimba zimachitikadi. Koma atayamba kuyang'ana m'zifu za ziweto zenizenizo, zopeza zinali zina.

Mu 2005, akatswiri a ku Cornell University ku America anafalitsa zimene anaona m'zifu za agalu 28 omwe anali ndi matenda a impso. Anapeza khoma la chifu lotupa, timitsempha ta magazi toonongeka, ndi michere itaundana m'khomamo. Zilonda zenizeni zinali zosowa. Mu 2017, ku University of Tennessee anayeza asidi m'zifu za amphaka odwala impso ndi amphaka athanzi, ndipo anapeza kuti odwalawo analibe asidi woposa anzawo. Awa anali amphaka, osati agalu, koma zotsatira zake zinaloza komwe kunaloza za agalu zija. Mu 2018 bungwe la madokotala a ziweto la ACVIM linatulutsa chigamulo cha akatswiri ake pa mankhwala oteteza m'mimba, ndipo linati palibe umboni woti agalu ndi amphaka amene ali pa gawo loyamba, lachiwiri kapena lachitatu la matenda a impso azipatsidwa mankhwalawa mongotetezera. Magawo amenewa ndi anayi, anakonzedwa ndi bungwe la IRIS, ndipo amawerengedwa makamaka poyeza creatinine, chimodzi mwa zonyansa zija, m'magazi: mwa galu, gawo loyamba ndi pansi pa 1.4 mg/dL, ndipo lachinayi ndi kupitirira 5.0.

Maganizo anga pa izi ndi olunjika. Galu wodwala impso amene akukana chakudya afunika choyamba madzi m'thupi ndi mankhwala a nseru. Mankhwala a asidi abwere pamene pali chifukwa chooneka. Piritsi lililonse limene mumakankhira kukhosi kwa galu wa nseru limadya chikhulupiriro chake pa inu, ndipo tsiku lina adzayamba kubisala akakuonani mukubwera. Ndiye piritsi lililonse likhale ndi ntchito yake. Komanso ndalama imene yapita ku mankhwala osafunika ndi imene ikanalipira diripi kapena kuyezetsa magazi.

Sindikunena kuti zilonda sizichitika. Zimachitika, makamaka matenda akafika gawo lachinayi, impso zikaima mwadzidzidzi, kapena galu akamwetsedwa mankhwala opha ululu a anthu. Zizindikiro zake muzisunge pamtima: chimbudzi chakuda bii, chonata ngati phula, chonunkha moipa, masanzi okhala ndi magazi kapena timibulu tofiirira tooneka ngati khofi wosasungunuka, nkhama zotuwa. Galu amene amasanza pafupipafupi akhozanso kupsa kummero ndi asidi, ndipo mumamuona akumeza movutika, akubweza chakudya atangodya. Pamenepo mankhwala a asidi ndi ofunikadi. Omeprazole ndiye wamphamvu, chifukwa amatseka pompo pamene asidi amatulukira, ndipo amagwira bwino akaperekedwa kawiri patsiku galu asanadye. Akamwedwa kupitirira masabata atatu kapena anayi asasiyidwe mwadzidzidzi, azichepetsedwa pang'onopang'ono, apo ayi asidi amabwerera mwaukali. Famotidine amathandiza masiku oyamba, koma akamaperekedwa tsiku ndi tsiku mphamvu yake imatsika pasanathe masabata awiri. Sucralfate amamata pachilonda, ndipo amafuna kutalikitsidwa ndi mankhwala ena maola awiri chifukwa amawalepheretsa kulowa m'thupi.

Mankhwala a nseru nawo ali ndi makhalidwe awo. Maropitant, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Cerenia, amaletsa kusanza bwino kwambiri, koma galu akhoza kusiya kusanza nseru ikadalipo. Mukaona kuti masanzi atha koma akutembenuzabe mutu pambale, uzani dokotala, chifukwa ondansetron amafika pa nseru yeniyeniyo kuposa mnzakeyo, ndipo awiriwa akhoza kuperekedwa limodzi. Metoclopramide ndi wotsika mtengo komanso wosavuta kupeza kwathu kuno, koma amatuluka kudzera mu impso, ndiye mwa galu wodwala amakhalitsa m'magazi. Mlingo ukapyola, galu amasowa mtendere, amangozungulirazungulira, amanjenjemera. Ichi n'chifukwa chake sinditchula milingo pano. Mlingo wa galu wa impso zabwino si wa galu wa impso zodwala, ndipo woyenera kuuwerengera ndi amene waona zotsatira za magazi. Palinso mirtazapine, wobwezeretsa chilakolako cha chakudya, koma aperekedwe nseru itagonjetsedwa. Kudzutsa njala mwa galu amene mtima ukumunyamuka ndi kumuzunza.

Pali zimene timachita kunyumba ndi mtima wabwino zimene zimamaliza agalu amenewa, ndipo ndikupemphani muzimve ndi makutu onse awiri. Galu akaoneka wofooka, munthu amatsegula kabati n'kutenga bufeni, diclofenac, indosidi kapena asipulini. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso, amachotsanso chitetezo cha khoma la chifu. Mwa galu wathanzi akhoza kuboola chifu ndi kuimitsa impso; mwa galu wodwala kale, mapiritsi ochepa ndi okwanira kumupha. Ena amapereka magnesium trisilicate, uja timamwa tikamva chilungulira. Impso zodwala sizitha kutulutsa magnesium, ndipo amaunjikana. Ena amasungunula soda wophikira therere. Ena amamwetsa mkaka kapena mafuta ophikira poganiza kuti akutsuka poizoni. Mkaka uli ndi fosiforasi wochuluka, umatsegulanso m'mimba agalu ambiri akuluakulu, ndipo madzi okakamiza kukhosi kwa galu wofooka amatha kulowera ku mapapo.

Tisaiwale m'kamwa. Urea, chimodzi mwa zotsalira za mapuloteni zija, akachuluka m'magazi amatulukiranso m'malovu, ndipo tizilombo ta m'kamwa timamusandutsa amoniya, amene amawotcha. Mpweya wa galu umanunkha mkodzo. Mukakweza mlomo wam'mwamba mumapeza zilonda mkati mwa masaya, moyang'anizana ndi mano akuluakulu, ndi m'mphepete mwa lilime, ndipo nthawi zina nsonga ya lilime imada n'kufa. Galu wotere akufuna kudya koma kutafuna kukumupweteka, ndiye afunika chakudya chofewa, kutsuka m'kamwa ndi mankhwala monga chlorhexidine wosungunula, ndi opha ululu osankhidwa ndi dokotala. Koma pano ndiime kaye. Kwathu kuno chiwewe chikadalipo, ndipo chimapha anthu, makamaka ana. N'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira mu 2015. Galu wochucha dovu, wolephera kumeza, wosintha khalidwe, amene simukudziwa ngati analandira katemera, musamupise dzanja m'kamwa. Mutsekereni bwino, ana atalikire, ndipo itanani alangizi a ziweto.

Za madzi. Galu wathanzi amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Akapitirira 100, pali vuto. Kunena mwachidule, galu wa makilogalamu 20 amene akumaliza malita oposa awiri patsiku, kunja kusakutentha kwenikweni, akayezedwe. Galu wodwala impso amakodza kwambiri, koma osati chifukwa wamwa kwambiri. Amamwa kwambiri chifukwa impso zikutaya madzi. Ndiye amene amachotsa beseni la madzi usiku kuti galu asanyowetse khonde amaumitsa galu wake. Thupi likauma, magazi ofika ku impso amachepa, zonyansa zimakwera, nseru imakula, galu amasanza, thupi n'kuumiratu. Agalu ambiri amene amafika ali thapsa amakhala atazungulira njira imeneyi masiku awiri kapena atatu okha. Poyesa kunyumba, tsinani chikopa cha pamapewa, muchikweze, muchisiye. Chikabwerera msanga zili bwino. Chikaima kaye ngati chikuganiza, madzi achepa. Ngati ndi galu wanu wakatemera, gwiraninso nkhama ndi chala: ziyenera kukhala zoterera, osati zomata. Galu wosanza madzi amene wamwa apatsidwe pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo akalephera kusunga ngakhale amenewo afunika diripi tsiku lomwelo. Diripi imathandizanso kutsitsa nseru. Galu amene wasiyiratu kukodza asagone kunyumba.

Thupi louma limabweretsanso kudzimbidwa, ndipo galu wodzimbidwa amasanza pokankha. Potaziyamu akachepa matumbo amachita ulesi. Asidi akachuluka m'magazi, amene ndi wosiyana ndi wa m'chifu uja, chilakolako chimathawa. Zonsezi zimaoneka poyeza magazi ndipo zili ndi chithandizo chake.

Tifike ku mbale. Mu 2002, ku University of Minnesota anafalitsa kafukufuku wa agalu 38 odwala impso. Ena ankadya chakudya wamba, ena chakudya chokonzedwera impso, chochepa fosiforasi ndi mchere, cha mapuloteni oyezedwa. Odya chakudya wamba, theka la iwo anali atafa pofika masiku 188. Kwa odya cha impso, chiwerengero chomwecho chinali masiku 594. Palibe piritsi la m'mimba limene linaonetsapo phindu lotere. Vuto ndi lakuti chakudya cha m'matumba chimenechi ndi chodula ndipo sichipezeka paliponse, pomwe chimene agalu athu ambiri amadya ndi nsima ya mgaiwa kapena madeya, bonya, usipa, matemba ndi mafupa. Kwa galu wathanzi zimenezi zimamusunga. Kwa wodwala impso, nsomba zouma zodyedwa ndi minga yomwe ndiponso mafupa ndi mulu wa fosiforasi. Chiwindi, mkaka ndi chikasu cha dzira nazo n'chimodzimodzi. Zopepuka ndi mpunga woyera, nsima ya ufa woyera, dzungu, choyera cha dzira chophika, ndi nyama yophika pang'ono yopanda mafupa. Msuzi wa ndiwo zathu usathiridwe, chifukwa muli mchere ndi anyezi, ndipo anyezi ndi adyo zimaswa magazi a galu. Chakudya chophika kunyumba chotere chimaperewera kashiamu ndi mavitamini ena, ndiye muchikonze limodzi ndi dokotala. Iye akhoza kuonjezera calcium carbonate kapena aluminium hydroxide, zimene zimagwira fosiforasi m'matumbo kuti atuluke ndi chimbudzi. Zimenezi zimasakanizidwa m'chakudya. Kuziperekera pamimba yopanda kanthu n'kutaya.

Koma nthawi yoyambira chakudya chatsopano ndi yofunika ngati chakudyacho. Galu akadya chinthu ali ndi nseru, amachigwirizanitsa ndi nseruyo, ndipo akhoza kuchikana miyezi ngakhale atachira. Mwini galu amagula thumba lodula la chakudya cha impso tsiku limene galu akusanza, amamukakamiza, ndipo thumba lonse limathera kwa nkhuku. Dikirani nseru igone, ayambe kudya chimene amachikonda, kenaka muzisakaniza chatsopanocho pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena kupitirirapo. M'masiku ovutawo, galu amene wadya kanyama ka nkhuku kosayenera kwenikweni ali bwino kuposa amene sanadye kanthu. Wosadya amayamba kugaya minofu yake, minofu ndi mapuloteni, ndipo zotsalira zake zimakathera m'magazi omwe aja. Mupatseni pang'ono kanayi kapena kasanu patsiku. Ena amafuna chofunda kuti fungo limveke, ena a nseru yaikulu amalola chozizira chifukwa sichinunkha, yesani zonse. Akakana, chotsani mbale, musaisiye pamphuno pake tsiku lonse. Wosanza thovu lachikasu m'bandakucha amathandizidwa ndi kachakudya kochepa asanagone, chifukwa ndulu imabwerera m'chifu chopanda kanthu. Ndipo mapiritsi musawabise m'chakudya chake chenicheni, kuopa kuti angadane nacho; abiseni m'kanthu kena.

Inu alangizi ndi ophunzira, musamalize mlandu ndi maso okha. Galu wosanza akhoza kukhala ndi parvovirus, kapamba wotupa, fupa lotsekereza matumbo, mafinya m'chiberekero, kapena nyongolotsi ya Spirocerca lupi imene imamanga zotupa kummero ndipo ndi yodziwika kumwera kwa Africa kuno. Chimene chimatsimikiza impso ndi magazi ndi mkodzo pamodzi: creatinine, urea ndi fosiforasi zokwera, mkodzo uli wosungunuka. Tengani mkodzo diripi isanayambe. Zipatala za ziweto za m'mizinda, kuphatikizapo za LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, ndi komwe mungatumize galu wofunika kuyezedwa. Funsaninso ngati vuto lagwa mwadzidzidzi kapena lakhala likukwawa. Impso zoima mwadzidzidzi chifukwa cha matenda a nkhupakupa, leptospirosis wochokera mu mkodzo wa makoswe nthawi ya dzinja, mphesa, kapena bufeni uja, zikhoza kuchira ngati chithandizo chafika msanga. Leptospirosis amagwiranso anthu, ndiye wokolopa mkodzo wa galu wotere avale magolovesi. Impso zimene zafota pang'onopang'ono mwa galu wokalamba sizibwerera, ndipo mwini wake auzidwe zoona zimenezi tsiku loyamba, mwaulemu, pamodzi ndi zoona zinazi: kuti galu amene nseru yake yagwidwa, akumwa ndi kudya, akhoza kukhala miyezi yambiri, ena zaka, akulondera pakhomo ndi kusewera ndi ana.

Eni agalu, gulani kakope. Tsiku lililonse lembani zimene wadya, madzi amene wamwa, ngati wasanza ndi nthawi yake, ndi mtundu wa chimbudzi. Muyezeni pasikelo kamodzi pa sabata. Mukhoza kumunyamula, kukwera naye, n'kuchotsera kulemera kwanu. Kakope kameneka kamathandiza dokotala kusintha mankhwala pa zinthu zenizeni, osati pa zokumbukira. Kadzakuthandizaninso pa tsiku lovuta. Masamba akayamba kuonetsa kuti galu sakusunga madzi ngakhale walandira diripi ndi mankhwala a nseru, sakudzuka kukadzithandiza, m'kamwa ndi zilonda zokhazokha, kapena wayamba kukomoka, khalani pansi ndi dokotala mukambirane za jakisoni womugoneka mosamva ululu. Imfa ya impso yosiyidwa yokha imatenga masiku, ndipo masiku onsewo galu amakhala ndi nseru ndi ludzu. Musamusiye kuseri kwa khola kuti adzionere yekha, ndipo musakamutaye kutchire. Ngati ulendo wa ku chipatala ndi wautali, funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu kuti akulumikizeni ndi dokotala amene angabwere kunyumba.